Akufuna kugawa ana a sukulu yathu m'masukulu atatu: ndikanene chiyani ku msonkhano wa bodi?

Funso: Ndimakhala ku America ndi ana anga awiri, wamng'ono ali giredi 2, wamkulu giredi 5. Onse ali pa sukulu imodzi yaboma yoyambira kindergarten kukafika giredi 8, ndipo amapita wapansi. Sabata yatha talandira kalata yochokera ku distrikiti (ofesi yoyang'anira masukulu aboma m'dera lathu) yonena za pulani ya zaka 10. Akuti sukulu yathu idzatsala ya ana a kindergarten mpaka giredi 2, a giredi 3 mpaka 5 adzapita ku sukulu ina, a giredi 6 mpaka 8 adzawamangira middle school yatsopano, ndipo sukulu imodzi m'dera lathu idzatsekedwa. Akuti zonsezi n'zothandiza maphunziro. Kodi n'zoona? Mwezi wamawa kuli msonkhano wa bodi ya masukulu. Ndikufuna ndikayankhulepo, koma sindikudziwa poyambira.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa msonkhanowo usanafike. Makolo ambiri nkhani ngati iyi amadzaimvetsa basi yachikasu itaima kale pakhomo, voti itadutsa, makontirakitala atasaina mapepala. Pamenepo madzi atayika, saoleka. Inu mudakali ndi nthawi.

Ndiyambe ndi mawu a m'kalatamo akuti kusinthaku n'kothandiza maphunziro. Ndakhalapo pa misonkhano yambiri yokonza mapulani otere, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti nkhani siyambira m'kalasi. Imayambira padenga lomwe likudontha, n'kufika pa chiwerengero cha ana chomwe chikutsika kapena kukwera, n'kuthera pa ndalama. Za maphunziro zimalowa mochedwa, anthu atagwirizana kale kuti nyumba yakuti itsekedwa ndipo tsopano akufunafuna njira yokwanitsira ana m'nyumba zotsalazo. Sindikunena kuti akulu a distrikiti yanu akukunamizani ayi. Ambiri mwa iwo amafuniradi ana zabwino, ndipo mavuto omwe akulimbana nawo ndi enieni. Koma mukapita ku msonkhano mukuganiza kuti mkangano uli pa kaphunzitsidwe, mudzangoyankha funso lomwe iwo sakufunsa. Dziwani kaye chomwe chikuwasowetsa tulo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku America kudabadwa ana ochuluka zedi, kuyambira 1946 mpaka 1964, ndipo masukulu ankamangidwa mwaliwiro kuti anawo apeze pokhala. Zambiri mwa nyumba zimenezo ndi zomwe ana akuphunziramo mpaka lero. Mu 2020 bungwe la boma lofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, la GAO, lidapeza kuti madistrikiti 54 pa 100 alionse akufunika kukonza kapena kusinthiratu zinthu zikuluzikulu zingapo m'masukulu awo, ndipo kuti masukulu pafupifupi 36,000 akufunika kukonza kapena kusintha makina otenthetsa, oziziritsa ndi oyendetsa mpweya. Ine ndikafika pa sukulu sindithamangira ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Ndimafunafuna munthu wosamalira nyumbayo. Tsiku lina bambo wina wa ntchito imeneyi adanditsitsira ku chipinda chapansi komwe kuli boyila, makina otenthetsera nyumba. Fakitale yomwe inkapanga zitsulo za boyilayo idatseka kalekale, choncho chitsulo chikathyoka amachotsa china pa boyila yakufa yomwe ili pambali pake. Titakwera ku laibulale ndidapeza ndowa zitatu pakati pa mashelefu a mabuku, ndipo bamboyo ankadziwa pamtima kuti ndi iti yomwe imayamba kudzaza mvula ikagwa. Kunja sukuluyo inkaoneka bwinobwino, utoto watsopano, maluwa pakhomo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Akatswiri akayendera nyumba iliyonse amalemba mtengo wokonzera zonse zowonongeka, n'kuuyerekeza ndi mtengo womangira ina yatsopano yofanana nayo. Tiyerekeze kuti kukonza kukufuna madola 12 miliyoni pamene kumanga yatsopano ndi 20 miliyoni. Ndiye kuti kukonza kwadya 60 pa 100 ya mtengo wa yatsopano, ndipo zikafika potere bodi imayamba kudzifunsa ngati n'kwanzeru kuthirabe ndalama m'nyumba yokalamba. Nyumba zakale zili ndi msampha winanso. Ukangogumula khoma umakumana ndi asibesitosi, chomangira chakale chomwe fumbi lake limawononga mapapo, yemwe kumuchotsa kwake n'kodula ndipo ali ndi malamulo okhwima m'masukulu kuyambira 1986. Komanso kukonza kwakukulu kumakukakamiza kutsatira lamulo la 1990 loteteza anthu a ulumali, kutanthauza zikepe, makomo otambalala ndi zimbudzi zatsopano. Pemphani lipoti la mmene nyumba zilili. Ndi chikalata cha boma ndipo muli ndi ufulu wochiona. Yang'anani nambala ya sukulu yanu, ya yomwe akufuna kutseka, ndi ya komwe ana anu akupita. Zimachitika ndithu kuti ana amachotsedwa m'nyumba yabwinoko n'kupititsidwa m'nyumba yoipirapo, pa chifukwa chokha choti inayo ndi yaikulu.

Chiwerengero cha ana nachonso chili ndi nkhani yake. Mu 2007 ku America kudabadwa ana pafupifupi 4.3 miliyoni, koma mu 2023 adali pafupifupi 3.6 miliyoni. Mwana wobadwa lero amalowa kindergarten pakatha zaka zisanu, choncho kuchepaku kumayamba kuoneka m'makalasi a ana aang'ono, n'kumakwera giredi imodzi chaka chilichonse. Nthawi ya mliri wa Covid-19 masukulu aboma adataya ana oposa miliyoni imodzi m'chaka chimodzi chokha, makolo ena akusankha masukulu a charter (olipiriridwa ndi boma koma odziyendetsa okha), ena akuphunzitsira ana kunyumba. Ndalama zapadera za mliri zomwe boma lalikulu lidapereka ku masukulu, pafupifupi madola 190 biliyoni, nthawi yozigwiritsira ntchito idatha mu September 2024. N'chifukwa chake makalata onga yomwe mwalandirayi akufika m'makomo ambiri nthawi imodzi.

Mmene amayerekezera za kutsogolo simovuta kumva. Amatenga ana omwe adali giredi 1 chaka chatha n'kuona kuti ndi angati afika giredi 2 chaka chino, chimodzimodzi magiredi onse, kubwerera m'mbuyo zaka zitatu kapena zisanu, kenako n'kukankhira manambalawo kutsogolo. A kindergarten amawayerekeza kuchokera m'kaundula wa ana obadwa m'deralo. Njirayi imagwira bwino pa zaka zisanu zoyambirira, chifukwa ana omwe akuwerengedwawo alipo kale, ena akuyamwa, ena akukwawa. Kupitirira apo akuwerenga ana omwe sanabadwe. Ndiye kuti pulani ya zaka 10, theka lake lachiwiri ndi kungoyerekeza, pamene nyumba yomwe amangeyo idzaima zaka 50 kapena kuposerapo. Funso lomwe ndimalikonda, ndipo silinyoza aliyense, ndi ili: zaka zisanu zapitazo mudati chaka chino padzakhala ana angati, nanga alipodi angati? Funsaninso ngati awerengera nyumba zogona zomwe khonsolo yavomereza kuti zimangidwe m'dera lanu. Ndidaonapo distrikiti itagulitsa sukulu, patangotha zaka zochepa n'kuyamba kuimika makalasi a matirela pa bwalo la mpira la sukulu ina, mabanja atsopano atadzaza deralo.

Nanga bwanji akufuna kudula ana aang'ono pawiri, kindergarten mpaka 2 kwina, 3 mpaka 5 kwina? Yankho lili m'masamu osavuta. Tiyerekeze masukulu awiri oyandikana, iliyonse ili ndi ana 33 mu giredi 2, ndipo mgwirizano ndi aphunzitsi ukuti kalasi isapitirire ana 25. Sukulu iliyonse ifunika aphunzitsi awiri, onse pamodzi anayi. Mukasonkhanitsa ana 66 aja pa sukulu imodzi, makalasi atatu a ana 22 akwana. Malipiro a mphunzitsi mmodzi atsala m'thumba la distrikiti. Zikatero pa magiredi onse 6, ndi malipiro a aphunzitsi 6 chaka ndi chaka. Popeza malipiro ndi zina zolipira antchito zimadya pafupifupi 80 pa 100 ya ndalama zoyendetsera masukulu, apa ndi pomwe pagona phindu lenileni la pulaniyi. Taonaninso kuti mwana wachoka m'kalasi ya ana 16 kapena 17 n'kulowa ya ana 22. Zimenezi m'kalata sizilembedwa kawirikawiri.

Ndisabise zabwino zake. Aphunzitsi a giredi imodzi akachuluka pamalo amodzi amagawana nzeru, ndipo mphunzitsi wothandiza ana ovutika kuwerenga sathera nthawi pamsewu kuyenda sukulu ndi sukulu. Chinanso chomwe ndimachilemekeza kwambiri n'chakuti ana a mabanja olemera ndi osauka amakumana m'kalasi imodzi, ndipo nkhani yoti iyi ndi sukulu yabwino, iyo ndi yotsalira, imatha. Ngati dera lanu lili ndi mpanda wotere pakati pa masukulu, muganizirepo mofatsa musanakane.

Komabe pa pulani iliyonse ine ndimayamba kuwerenga chinthu chimodzi: mwana adzasamuka kangati asanamalize giredi 12? Lero ana anu asamuka kamodzi kokha, polowa giredi 9. Pa pulani yatsopanoyi, mwana woyamba kindergarten adzasamuka polowa giredi 3, polowa giredi 6, komanso polowa giredi 9. Katatu.

Kale ku America mwana ankakhala pa sukulu imodzi zaka 8, kenako zaka 4 ku high school. Junior high school yoyamba, sukulu ya pakati pa pulayimale ndi high school, idatsegulidwa ku Columbus, m'chigawo cha Ohio, mu 1909, ndipo mu 1963 katswiri wa maphunziro William Alexander adayamba kulimbikitsa middle school, ponena kuti ana omwe akungoyamba kutha msinkhu akufunika sukulu yawoyawo. Ganizolo lidali labwino, koma lidafala msanga chifukwanso choti linkathandiza madistrikiti kuchepetsa kuthithikana m'makalasi ndi kusakaniza ana akuda ndi azungu monga makhoti ankalamulira. Zotsatira zake zidadzayezedwa pambuyo pake. Mu 2010 Jonah Rockoff ndi Benjamin Lockwood adatsatira ana a mumzinda wa New York n'kupeza kuti omwe adasamukira ku middle school adatsika pa masamu ndi Chingerezi poyerekeza ndi anzawo omwe adakhalabe pa sukulu ya kindergarten mpaka giredi 8, ndipo kutsalirako kudapitirira mpaka giredi 8. Guido Schwerdt ndi Martin West adachita kafukufuku wofanana ndi ana a m'chigawo chonse cha Florida. Adapezanso kutsika komweko, kujomba kudachuluka, ndipo pofika giredi 10 osiya sukulu adachulukirapo pakati pa omwe adadzera ku middle school. Kusamuka kwa pa giredi 9 nakonso kunkagwetsa ana, koma pang'ono, ndipo sikunkawatsata mtunda wautali. Mizinda monga Philadelphia, Baltimore, Cincinnati ndi Cleveland idasandutsa masukulu ambiri kubwerera ku kindergarten mpaka giredi 8, chomwe inu muli nacho kale.

Manambalawa ndimawakhulupirira chifukwa ndidaona ndi maso chomwe ali kunena. Sabata yoyamba ya sukulu ndidaima m'khonde la middle school ina belu likulira. Kamtsikana ka zaka 11 kadaima pa loka yake, kabati yosungiramo mabuku, kakupotoza loko wa manambala, kachitatu, kachinayi, osatseguka, anzake akukadutsa mbali zonse. M'dzanja lina kadagwira pepala la ndandanda ya makalasi, lonyowa ndi thukuta. Miyezi itatu m'mbuyomo kadali m'gulu la akuluakulu pa sukulu yake, mphunzitsi mmodzi akukadziwa ngakhale tsiku lomwe sikadadye chakudya cham'mawa. Tsopano kali ndi aphunzitsi 6 kapena 7, aliyense akuona ana oposa 100 patsiku, ndipo palibe yemwe akukadziwa dzina. Zonsezi zikuchitika pa msinkhu womwe thupi ndi maganizo nazo zikusintha. Ana olimba amazolowera pakapita miyezi. Omwe ankavutika kale, kapena omwe Chingerezi si chiyankhulo chawo choyamba, ndi omwe amasochera pamenepa.

Chenjezo limodzi. Kafukufuku ndatchulayu ndi wa ana olowa giredi 6 kapena 7. Musakamutambasule kuti anene za giredi 3, chifukwa pa tebulo la bodi sipalephera kukhala wina yemwe adamuwerenga, ndipo akakukonzani pagulu mawu anu ena onse apepuka. Za giredi 3 muli ndi mfundo zanuzanu zomwe sizifuna kafukufuku. Imeneyo ndi giredi yomwe mayeso a boma amayambira, ndipo ndi nthawi yomwe mwana amayembekezeka kuti wagwira kuwerenga. Aphunzitsi omwe amadziwa pomwe mwana akupunthwa atsala ku nyumba ina, ndipo olandirawo ayambira pachiyambi kumudziwa. Sukulu yokhala ndi magiredi atatu okha imataya gawo limodzi mwa magawo atatu a ana ake chaka chilichonse, makolo sazika mizu, ndipo komiti ya makolo imangokhala yatsopano nthawi zonse.

Musakanenenso kuti sukulu ya kindergarten mpaka giredi 8 ilibe chilema. Walira mvula walira matope. Sukulu yokhala ndi ana 40 okha mu giredi 8 imavutika kupeza mphunzitsi wodziwadi aljebura, labotale ya sayansi yeniyeni, bandi ya nyimbo kapena chiyankhulo chachilendo. Middle school yaikulu imatha zimenezi mosavuta. Mukavomereza nokha vutoli, n'kufunsa ngati aganizirapo zoti aphunzitsi a maphunziro amenewa azigawidwa pakati pa masukulu awiri kapena atatu, bodi idzakuonani ngati munthu wofuna kuthandiza.

Kutseka sukulu ndiye gawo lowawa kwambiri, ndipo ngakhale si yanu yomwe ikutsekedwa, ana ake abwera m'makalasi a ana anu. Mu 2013 mzinda wa Chicago udatseka masukulu pafupifupi 50 nthawi imodzi, zomwe zidakhudza ana pafupifupi 12,000, ambiri mwa iwo akuda a m'madera osauka. Ofufuza a pa University of Chicago adapeza kuti maphunziro a anawo adayamba kutsika chaka chomwe nkhani yotseka idalengezedwa, asanasamuke n'komwe, ndipo pa masamu kutsalirako kudatenga zaka. Kafukufuku wawo wa m'mbuyomo adali ataonetsa kale kuti mwana amapindula pokhapokha komwe wapitako kuli sukulu yabwinodi kuposa yomwe wachoka. Pa nkhani ya ndalama, bungwe la Pew lidafufuza mizinda 6 mu 2011 n'kupeza kuti zotsala m'thumba zidali zochepa poyerekeza ndi bajeti yonse, kupatula pomwe kutsekako kudayendera limodzi ndi kuchotsa antchito ambiri. Chifukwa chake n'chosavuta: ana akasamuka aphunzitsi amawatsatira, mabasi amachuluka, ndipo nyumba yopanda anthu imafunabe alonda, inshuwalansi ndi kuitenthetsa nthawi yachisanu kuti mapaipi asaphulike. Sukulu yakale sigulidwa msanga. Funsani kuti nambala yomwe akuti ipulumuka achotserapo kale zonsezi kapena ayi, ndiponso kuti nyumbayo adzachita nayo chiyani.

Middle school yatsopanoyo sangaimange ndi ndalama zoyendetsera sukulu tsiku ndi tsiku. Adzafunika ngongole ya bondi, yomwe imabwezedwa pa zaka 20 kapena 30 kudzera mu msonkho wa nyumba ndi malo, ndipo m'zigawo zambiri anthu amayenera kuivomereza pa voti. Ku California pamafunika mavoti 55 pa 100 pa mabondi ambiri a masukulu, m'chigawo cha Washington 60 pa 100, ku Idaho magawo awiri mwa atatu. Bodi imadziwa kuti popanda makolo bondi sidutsa, ndiye mawu anu ali ndi mphamvu kuposa momwe mukuganizira. Kuvota n'kwa nzika, koma kuyankhula pa msonkhano wa bodi n'kwa kholo lililonse. Funso lofunika apa ndi loti bondiyo ikakanidwa, ana a giredi 6 mpaka 8 adzakhala kuti. Ndidaonapo magiredi atasinthidwa kale poyembekezera nyumba yomwe voti idadzaikana, ana n'kutsala mothithikana kwa zaka.

Izi zikutifikitsa pa ana anu awiri. Kuchokera pa voti, kujambula mapulani mpaka kutsegula zitseko, sukulu yatsopano imatenga zaka zitatu kapena zinayi, choncho wamkuluyo angathe kumaliza giredi 8 nyumbayo isanathe. Koma kugawa kindergarten mpaka 2 ndi 3 mpaka 5 sikufuna njerwa ngakhale imodzi, kungathe kuyamba chaka cha sukulu chikubwerachi. Wamng'onoyo ndiye ali kutsogolo kwa mzere. Zikatero mudzakhala ndi ana awiri pa masukulu awiri, mwina nthawi yolowera ndi yowerukira yosiyana, misonkhano ya makolo iwiri, ndipo mkulu sadzamugwiranso dzanja mng'ono wake pamsewu. Funsani chaka chomwe gawo lililonse la pulaniyi liyambe, ndiponso ngati ana omwe ali kale pa sukulupo angaloledwe kumalizira pomwepo.

Mukandifunsa maganizo anga, middle school ndingathe kuilandira ngati nyumba zilidi pa mavuto ndipo atasonyeza mmene adzasamalire ana a giredi 6: kagulu kochepa ka aphunzitsi kogawana ana omwewo, mbali yawoyawo ya nyumba, ndi munthu wamkulu mmodzi wokumana ndi mwana aliyense tsiku lililonse. Kudula ana aang'ono pawiri ndiko ndingakane, pokhapokha ataonetsa kuti adayesa njira ya kindergarten mpaka giredi 5 pamodzi ndi kusuntha malire a masukulu, n'kulephera. Njira imeneyi kawirikawiri imakhala kuti idawerengedwa, kungoti sidalowe m'kalata. Ipempheni, ndi mtengo wake, aiike pambali pa yomwe asankhayo.

Pa msonkhanopo adzakupatsani mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo m'madera ambiri muyenera kulembetsa dzina msonkhano usanayambe. Nthawi imeneyo sikwana mafunso onsewa. Mutu umodzi susenza denga: pezani makolo anzanu anayi kapena asanu, makamaka a ku sukulu yomwe ikutsekedwa, mugawane, wina atenge za chiwerengero, wina za nyumba, wina za bondi. Bodi siyankha pomwepo nthawi zambiri, choncho mafunso omwewo muwatumizenso pa imelo n'kupempha yankho lolemba. Inuyo tengani funso la kusamuka katatu. Tsikulo lisanafike, pitani ku sukulu yomwe akuti a giredi 3 adzapite, nthawi yoweruka. Yendani wapansi kuchokera kumeneko mpaka kunyumba kwanu muli ndi wamng'onoyo, muwerenge mphindi, muwerenge misewu ikuluikulu yomwe mwadumpha ndi pomwe palibe wothandiza ana kuoloka. Mukaimirira pamaso pa bodi, yambani ndi manambala amenewo.